Mchenga Umene Ndinatchera Ndi Manja Anga

Anthu odutsa pamtsinje wathu mwezi wa Okutobala amanena kuti mtsinje wafa. Ine ndimawauza kuti chafa ndi nzeru zawo. Mtsinje umangolowa pansi, monga munthu amalowera m'nyumba dzuwa likamaswa mtengo. Madzi amakhala m'kati mwa mchenga, akuyenda mwaulesi, ndipo amene ali ndi manja amafukula n'kuwapeza ali zii ngati a mumtsuko. Koma kuti abisale pamafunika mchenga wakuya. Pathanthwe amangothamanga n'kumapita, pamatope amanunkha. Ndiye mukandimva ndikukangana ndi mudzi wonse chifukwa cha mchenga, musamati nkhalambayi yasokonezeka. Ndimakanganira madzi akumwa ndi othirira nazale yanga ya fodya.

Kwathu kwenikweni ndi cha ku Nambuma. Kuno kumbali ya Namitete ndinabwera ndi ukwati, chikamwini, ndili mnyamata wa chifuwa chonga chitseko. Sukulu ndinalekezera sitandade thuu, ndipo cholembera mpaka lero chimandilemera kuposa nkhwangwa, koma pantchito ya manja palibe wa m'mudzi muno anandionapo msana. Apongozi atandiona kuti ndimadya kwambiri ndiponso ndimayankhula mokweza, anandipatsa malo a dimba amene aliyense ankawakana. Anzanga anali ndi madimba kumtunda, kudambo, kumene dothi limakhala lonyowa mpaka mvula ina. Ine anandiloza kumunsi, pokhotera mtsinje, pamene madzi a dzinja ankadutsa pathanthwe ali liwiro osasiya kanthu. Pofika Ogasiti pamalopo pankauma ngati lichero. Ndinadziwa kuti akundiyesa. Ndinathokoza ndi m'manja, mumtima ndikuti tionana.

Chaka china mkuyu waukulu unagwa chopingasa mtsinje pamalo pomwepo. Mvula itatha ndinapeza kuseri kwa mtengowo kwaunjikana mchenga, woyera bwino, wofika m'mawondo. Ndinafukula ndi manja mongosewera, madzi n'kutuluka. Chilimwe chimenecho ndinathirira mpiru ndi matimati kuchokera pamenepo. Kenaka mtengo unawola, madzi osefukira anaukankha, mchenga wonse n'kupita nawo. Ndinakhala pagombe tsiku lonse ndikuyang'ana thanthwe lopanda kanthu, mpaka ndinadziuza kuti ngati mtengo ungatchere mchenga, ine ndigoneka mtengo wosawola.

Miyala ndinkakaitenga kukaphiri kali kuseri kwa manda, kopanda mwini, kumene kumangokhala mbira ndi njoka. Ikuluikulu ndinkaigubuduza kapena kubwereka ngolo, yapakati pamutu. Malemu akazi anga ankasenza ing'onoing'ono m'dengu, mwana ali kumsana, akundinena njira yonse kuti anzawo anakwatiwa ndi amuna, iwo anakwatiwa ndi chiswe. Ndinayala mzere wa miyala kuchokera gombe lino kukafika tsidya, ndikuphatika ndi dothi la pachulu, ndikukhoma zikhomo kumbuyo kwake. Mzerewo suyenera kutalika nthawi imodzi. Ukautalikitsa madzi amaima, n'kukusiyira matope m'malo mwa mchenga. Umayala pang'ono, mvula n'kudzaza mchenga mpaka pamlomo, chaka chinacho n'kuwonjezera mzere wina pamwamba. Ndi ntchito yosayenera munthu wamtima wapachala. M'magombe ndinabzala bango ndi nsenjere kuti dothi lisagumuke.

Mudzi unkaseka. Ankati mkamwini wa kumunsi akumanga khola la madzi, mawa adzayamba kuwakama. Ine ndinkawayankha mokuwa, iwo ali tsidya, kuti asunge zikho zawo, adzazifuna.

Ana athu akamakula mchenganso unkakula. Unafika m'chiuno, kenaka m'chifuwa, n'kufalikira chakumtunda utali woti munthu akaima kumapeto umafunika kumuitana mokweza. Pakati pake ndinamiza mgolo wochotsa pansi, kuti mchenga usamagwere m'chitsime. Madzi ake oyera, osafuna kusefa. Malowo anthu anayamba kuwatchula kuti pamiyala. Amayi a m'mudzi muno, omwe aja a zikho, anayamba kutsika ndi ndowa. Mjigo unadzabwera pambuyo pake, ndipo sindiunyoza, koma ukafika mwezi wotentha umangotsokomola, ndowa zili mndandanda kuyambira m'mawa, ndipo ukathyoka umatha nyengo anthu akukangana za wogula chitsulo. Pamiyala sipanathyokepo. Kumunsi kwa mzere madzi ankadontha pang'onopang'ono n'kupanga kadziwe, mmene munkakhala nkhanu, achule ndi milamba. Ng'ombe zinkamwa pamenepo. Ng'azi inkawothera dzuwa pamwala wanga ngati inathandiza kusenza, ndipo m'bango mpheta zinkachita phokoso loposa langa.

Ine changa chachikulu chinali nazale. Amene sanalimepo fodya sadziwa kuti fodya amapulumuka kapena kufa asanaone n'komwe munda. Timafesa mu Seputembala, ndipo mbande zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, nthawi yomweyo imene dziko lonse lili ndi ludzu. Ukadumphitsa, dzuwa limazipsereza ngati tsitsi pamoto. Ndinali ndi mabedi atatu pagombe, ndipo ndinkakwera ndi makheni awiri, uku ndi uku, mpaka mapewa anachita zikang'a. Malata ali panyumba yanga anachokera mumgolo umenewo. Ana anga anaphunzira ndi madzi amenewo.

Akazi anga atamwalira, mwambo unali woti tikameta andisudzule ndibwerere kwathu. Ana anakana. Nanenso ndinanena poyera kuti ku Nambuma ndikapita ndili chogona, osati ndi miyendo yanga. Abale a malemu anangoti nkhalamba ikhale, yatsala pang'ono. Ndinakhala, koma ndinadziwa kuti tsopano ndikukhala ngati mphasa yobwereka, yoti mwini wake akhoza kuipinda tsiku lililonse.

Nthawi yomweyo tauni inayamba kufufuma. Mukamapita ku Lilongwe, kuyambira pa Njewa, kumene kale tinkaona minda ya chimanga, tsopano ndi mipanda ya mabuloko yokhayokha. Buloko ndi simenti pang'ono, chotsalacho ndi mchenga. Malole anayamba ndi mitsinje ya pafupi ndi msewu, cha ku Mpingu uko, n'kumabwera chakuno mmene mchenga unkathera. Ndinapita kukaona ndekha pamtsinje wina pamene anadyapo. Ndinapeza maenje, magombe atagumuka, nthochi za munthu zili miyendo m'mwamba m'phompho. M'maenjemo munali madzi obiriwira oti ngakhale mbuzi inkawanunkhiza n'kubwerera, ndipo posakhalitsa nawonso anaphwa. Amayi a kumeneko ankayenda ndi zigubu panjinga kukapempha madzi midzi ina.

Chaka chathachi, mbande zanga zitangotulutsa timasamba ngati makutu a mbewa, ndinali kuthirira m'mawa pamene ndinaona anthu awiri akuyenda pamchenga wanga. Mmodzi anali mlamu wanga, mlongo wa malemu akazi anga, wamng'ono kwa iwo. Ameneyu ndinkamuwolotsa mtsinje womwewu paphewa akupita kusukulu, akundigwira makutu. Lero ndiye mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Winayo anali mlendo wonenepa, makiyi akulira m'chiuno, atanyamula chitsulo chachitali. Anachizika mumchenga, chinalowa chonse mpaka dzanja linagunda pansi. Anatapa mchenga, kuufikisa m'zala, n'kumwetulira ngati waona mkazi. Moni anandipatsa pomaliza.

Mlamu wanga anafotokoza bwinobwino, mwaulemu. Anati bamboyu ali ndi malole, ndipo agwirizana kuti azitapa mchenga pano. Chimene chamukondweretsa n'chakuti malo ano amadzadzanso okha mvula ikagwa, ndiye mgwirizano wawo si wa chaka chimodzi. Anatchula za feteleza amene wakwera, za ana a alongo ake ofuna fizi, za denga la nyumba ya amayi ena okalamba. Sananame, mavutowo alipo ndipo ndimawaona. Ndinamufunsa kuti kuyambira lero mpaka mvula idzagwe, mbande zanga zimwa chiyani, ndipo alongo akewo atunga kuti. Anati mjigo ulipo. Ndinamufunsanso ngati akudziwa chimene chimadzazitsa mchengawo, kapena akuganiza kuti umabwera pano chifukwa chokonda nkhope yake. Apo ulemu unatha.

"Alamu, malo ano ndi a mbumba yathu. Inu munabwera ndi kathumba. Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

"Mlamba ndi ine, eya," ndinatero. "Kodi unaonapo mlamba ukufa ndi chilimwe? Umalowa m'matope n'kudikira. Amayamba kuuma ndi matemba ngati iwe."

Mlendo uja anaseka, mlamu wanga sanaseke. Mlamuyo ananena kuti lole ibwera sabata yomweyo.

Kubwalo sindinapite. Ndikanakanena chiyani? Mwambo ndimaudziwa kuposa anyamata amene amaunena. Nthaka ndi ya mbumba, mkamwini alibe dothi, ngakhale litamudya zikhadabo zaka zonse za moyo wake. Mlandu woterowo ukanangondidyera nkhuku n'kundibwezera manyazi.

Mwana wanga wamkazi amene amakhala kutauni anamva, n'kundiimbira foni. Anati ndisalimbane ndi amalume ake, ndakalamba, ndipite ndikakhale kwa iye ndikapume. Ndinamufunsa za mpopi wa panyumba imene amachita lendi. Anati masiku amenewo unali kungotulutsa mphepo, madzi akumagula kwa anthu a zitsime, ena akumakachapa kumtsinje wonunkha. Ndiye ndinamuuza kuti mwana wanga, ukundichotsa pamadzi kuti ndikakhale nawe paludzu, m'nyumba yomangidwa ndi mitsinje ya eni ake? Anati ababa simusintha. Ndinati ukanena zoona usamachite kudandaula.

Lole inabwera monga ananenera. Inathyola bango langa chakumtunda kuti ipeze polowera, inatsika chambuyo, anyamata a mafosholo n'kulumpha. Anyamatawo ndilibe nawo mawu, ndi aganyu, amadya thukuta lawo. Ndinaima pafupi ndikuwauza mbiri ya mchenga umene ankaponyawo, mokweza, kuyambira pamkuyu uja. Ena ankaseka, ena ankayang'ana pansi, koma mafosholo sanaime. Pofika madzulo panali dzenje loti ng'ombe ikhoza kubisalamo. Madzi ndi opusa, amatsata potsika. Anayamba kuchoka mumchenga monse kukadikha m'dzenjemo, poyera, kuti dzuwa liwamwe ndipo matayala awavundule. M'mawa mwake ndinapeza mumgolo madzi atatsika, oderako, oti ukatunga kheni imodzi uyenera kukhala pansi kudikira. Lole inabweranso tsiku limenelo ndi lotsatira. Bedi la kumapeto ndinalephera kulikwanitsa. Ndinaliona likusanduka lofiira, ine ndili ndi makheni opanda kanthu m'manja.

Ndinakhala pagombe n'kuganiza monga amaganizira oweruza. Nthaka ndi yawo, chabwino. Mtsinje ndi wa Mulungu. Koma miyala? Miyala sinamere pamenepo. Inachokera kuphiri lopanda mwini, pamutu panga ndi pamutu pa akazi anga. Mkamwini akamachoka pamudzi amatenga zake: nkhwangwa, khasu, mphasa. Palibe amamuletsa. Ndiye ine ndinati nditenga miyala yanga.

Ndinadziwa bwino tanthauzo lake. Popanda mzerewo, madzi oyamba a dzinja akanakokolola mchenga wonse mpaka thanthwe kuonekanso. Mwini malole akanapeza mbale yotsuka. Mlamu wanga akanatsala ndi mgwirizano wa mphepo. Koma nanenso ndikanatsala wopanda chitsime, wopanda dimba, wopanda nazale, ndipo pamsinkhu wangawu sindikanayambanso. Sindinachite mopsa mtima ayi, ndinagona nazo n'kudzuka nazo. Ndinaona kuti kuli bwino ng'ombe yanga ndiiphe ndekha ndi mpeni wanga kusiyana n'kuti afisi aziidya chamoyo chaka ndi chaka ine ndikuwadyetsera.

Dzuwa litakwera pang'ono, nthawi imene amayi amatsika kudzatunga, ndinafika ndi chitsulo changa chokumbira. Sindinabise. Ndinalengeza kuti aliyense amve, mpaka a tsidya, kuti mkamwini akulongedza katundu wake. Ndinayamba pakati penipeni pa mzere. Mwala woyamba unakana, unali utagwirana ndi anzake ndi mizu. Nditaugwedeza unatuluka ndi fungo la pansi, nkhanu zikubalalika. Ndinaunyamula, kukwera nawo gombe, kuuika pambali pa njira. Wachiwiri. Wachitatu. Ina ndinkaizindikira. Panali wina wosongoka umene unaboola dengu la akazi anga, tinakangana nawo tsiku lonse. Umenewo ndinauika padera.

Nditafika mizere ya pansi madzi anayamba kutuluka pampatapo. Poyamba ankangonyowetsa miyala, kenaka anapanga kamtsinje, oyera, akutsikira pathanthwe n'kumapita. Amayi anali atazungulira mgolo, ndowa zili m'manja. Wina anati agogo apenga. Ndinamuyankha kuti openga ndi amene akuonerera.

Pakati pawo panali mlamu wanga wamkazi, mng'ono wa malemu, amene tsopano ndiye wamkulu mwa amayi a mbumbayi. Ine ndi iyeyu sitinamwerane madzi chiyambire. Amati ndimayankhula ngati ndikuitana munthu wa tsidya ngakhale tili m'nyumba imodzi, ndipo pamaliro a mkulu wake ndiye anayamba kufunsa kuti ndipita liti. Anatula ndowa, anamanga chitenje, anatsika, n'kukhala pansi pampata pomwe ndinkagumulapo, madzi akumunyowetsa. Ndinamuuza kuti asunthe, chitsulo chilibe maso.

"Alamu, bwezerani mwalawo."

"Ndi wanga. Ndinasenza ndine."

"Mwala ndi wanu, sindikukana. Nanga madzi akutayikawa ndi a yani?"

"Kafunseni alongo anu. Ndiwo agulitsa."

Sanasunthe. Anatuma mayi wina kuti akaitane mwinimbumba, ndipo anauza otsalawo kuti atenge ndowa zawo akakhale panjira pamene lole imatsikira. Anapita onse, ena ndi ana kumsana, anavundikira ndowa n'kukhalapo ngati ali pamsika. Ine ndinaima ndi chitsulo changa, wopanda pogumula, chifukwa mayi wachikulire anali atakhala pantchito yanga.

Mlamu wanga wamwamuna ndi lole anafika pafupifupi nthawi imodzi. Dalaivala analiza hutala, amayi osatembenuka n'komwe. Anazimitsa injini n'kuyatsa fodya. Mwinimbumba anatsika akupukusa mutu, akuti taonani zimene ndinkanena, nkhalambayi ikuwononga malo athu. Ndinkayembekeza kuti mlongo wake anenapo zabwino za ine, za zaka zonse zija. Sananene ngakhale chimodzi. Anavomera kuti nkhalambayi ndi yamakani, ndi yobwera, ndipo pano ilibe dothi. Kenaka anamufunsa mlongo wakeyo kuti pamene ankagwirana chanza ndi mwini malole, anafunsa mayi uti wa mbumbayi. Anamufunsa kuti anasenzapo ndowa liti kuchokera kumjigo, ndipo ngati akudziwa kuti kumeneko munthu amapita mwana ali m'tulo n'kubwerako mwana atalira mpaka kusasa mawu. Iye anayamba za feteleza ndi fizi. Mayiyo anamudula.

"Achimwene, tinakuikani kuti muziweta, osati muzigulitsa chomwera. Mbumba ndife. Feteleza tidzathira m'munda, koma sitidzamwa."

Anakangana nthawi yaitali, amayi ena akuponyamo mawu kuchokera pandowa zawo, ena akukumbutsa mwinimbumba zinthu zakale zosakhudza mchenga n'komwe. Iye anayesa kunena kuti walandira kale chikole. Anamuuza kuti akabweze, miyendo ali nayo. Dalaivala atamaliza fodya wake anaimba foni, anamvetsera, n'kunena mosakwiya kuti abwana akuti asavutike, mchenga ulipo wambiri kumtunda, kwa anthu osachita phokoso. Anyamata anakwera ndi mafosholo awo. Lole inatuluka chopanda kanthu, ikuthyola bango lotsala.

Ndinayang'ana mlamu wanga wamkazi ndikuganiza kuti mwina tsopano tipatsana moni wa anthu. Anadzuka, anafinya chitenje, n'kundiuza kuti miyala yonse ibwerere lero lomwe, ndipo palibe andithandize popeza ndinachotsa ndekha. Anawonjezera kuti ndisayese kuti malowa asanduka anga. Ndinamuyankha kuti sindinapemphe malo, ndipo ndibwezera chifukwa ndafuna ine, osati chifukwa wanena iye. Anati ndizinena zimenezo ndikusenza.

Kugumula n'kosavuta. Kubwezera kunanditengera masiku, msana ukulira ngati chitseko chakale. Mwala ukachoka pamalo pake subwerera momwe unalili, ndipo ngakhale ndinaphatika ndi dothi la pachulu, pampatapo pamadonthabe mpaka lero. Madzi amene anatayika tsiku lija, ndi amene anaphwera m'dzenje la lole, sanabwerere chaka chimenecho. Tinagawana otsalawo movutika. Amayi ankatunga m'mawa, ine ndinkadikira mgolo udzadzenso, n'kumathirira dzuwa litakwera kale, zimene mlimi wa fodya aliyense angakuuzeni kuti n'kulakwa. Bedi limodzi linapsa lonse, lachiwiri linatsala theka. Ena anati ndikapemphe mbande kwa anzanga a ku Nsaru. Ine sindipempha mbande. Ndinawokera zimene zinapulumuka, munda wotsalawo ndinabzala mtedza.

Musaganize kuti nkhaniyi inatha mokoma. Malole ali kumtunda tsopano, ndimawamva akubuula tsiku lonse. Mvula itabwera, madzi anafika ofiira ngati thobwa, atasenza magombe a anthu a kumeneko. Dzenje lija linadzadza, koma theka ndi matope. Mchenga wabwino umene unkatsika kale akuutapa usanafike kuno. Chilimwe chino ndamiza mgolo wachiwiri pansi pa woyamba, ndipo potunga ndimachita kugona chamimba. Kadziwe ka kumunsi kanaphwa msanga, ng'ombe akuzipititsa kutali. Amayi akubwerabe, ndipo madzi akupezekabe, ochepa koma oyera. Mlamu wanga wamwamuna sandipatsa moni, amayang'ana kumbali ngati waona ngongole, koma akazi ake amatunga pamiyala monga aliyense, ndipo ine sindiwerenga ndowa za anthu. Nazale ndafesanso, mabedi atatu, osachepetsa.

Ndikudziwanso chimene mlamu wanga ndi mwini malole akudikira. Amayi aja anakana chaka chatha, koma njala ikadzaluma, mlongo wawo akadzabweranso ndi mawu okoma, ndani akudziwa? Ndipo mzere wa miyala umafuna munthu. Chaka chilichonse madzi amasuntha ina, zikhomo zimawola, bango limafuna kubwezeretsa. Anyamata a masiku ano ndikawaitana kuti adzaone mmene ndimayalira, amati abwera, n'kupita kukayendetsa kabaza. Onse akuganiza kuti nkhalambayi ikangogona, nkhani yatha.

Mwezi wathawu ndinapita kumsika wa Namitete kukagula mankhwala opopera mbande. Ndikutuluka mushopu, galimoto inaima pafupi nane, galasi n'kutsika. Anali mwini malole uja, wanenepa kuposa kale. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, wa manja awiri, n'kundifunsa kuti madala, m'thupi muli bwanji masiku ano, msana uja ukutani, miyendo ikuyendabe? Anafunsa mofatsa, akundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osaphethira.

Ndinaika kathumba kanga pansi kuti ndiyankhe bwino. Ndinamuuza mokweza, mpaka ogulitsa matimati anatembenuka, kuti m'thupi muli bwino kwambiri, mano ndikutafunira chimanga chokazinga, ndipo bambo anga anamwalira ataona zidzukulutudzi zikutha msinkhu. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kudziwa za msana wanga abwere Loweruka kukaphiri kuseri kwa manda, adzandipeza ndikugubuduza miyala ya mzere wa chaka chino, ndipo abwere ndi lole yakeyo, ikhoza kugwirako ntchito yanzeru kamodzi.

Anakweza galasi. Ine ndinatola kathumba kanga n'kuuyamba wapansi, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo mbande zinali zisanamwe.